Papaya pa Thako la Mfuti

Limbani, tasiya kuliza chimenecho. Wachitenga m'chitini changa cha pansi pa bedi, ndikudziwa. Si wezulo ayi. Limenelo ndi khoko la chipolopolo, ndipo linabwera pakhomo pano amayi ako asanabadwe. M'chitinimo muli linanso, long'ambika ngati duwa la dzungu. Tiyanjane, kalitenge, koma ugwire bwino, limacheka. Poti mvula ya chiperoni yatitsekera pakhonde, khalani pansi ana inu, ndikuuzeni za makoko awiriwa. Sindibwereza.

Ndiyambe ndi za ine. Pulayimale ndinaphunzira ku Mulanje Mission, ndipo ndinkapita wapansi mtunda umene inu lero mumalirira basi. Nsapato zoyamba ndinavala ndili ndi ndevu kale, ndipo ndinkazinyamula m'manja mpaka pachipata cha sukulu kuti zisathe. Kusekondale ndinakhalako zaka ziwiri, kenako ndinapeza ntchito pa esiteti ya tiyi kumunsi kwa phiri. Anzanga opita kusukulu ankafuna ukalaliki kuti azivala malaya oyera. Ine ndinapempha ku wekishopu, kumene ankakonza makina a fakitale. Ndinkakonda chinthu choti ukachiyeza lero, mawa uchipeza chili chomwecho.

Agogo anu a Esinati ndinawakwatira ufulu utangobwera kumene, ndalama zidakali mapaundi ndi masheleni. Monga mwa mwambo wathu, ndinadzamanga kuno kwawo kwa mkazi. Mkamwini wa masiku amenewo sanali ngati atate anu, amene amandifunsa za mpira ali gone pampando. Apongozi aakazi ukakumana nawo panjira unkapatukira kutchire. Apongozi aamuna unkayankhula nawo, koma mawu ako anali awiri okha: "Eya, bambo." Kuwauza kuti alakwitsa kunalibe. Ukakhala ndi mawu olemera, unkapatsira mkazi wako kuti akawatule iye, atawachotsa minga. Ndipo mkamwini sankabzala mtengo pamudzi wa eni, poti sankadziwa tsiku lomuthamangitsa.

Apongozi anga aamuna anali a Namakhwa. Anabwera kuno ali pamsana pa amayi awo, kuwoloka Ruo kuthawa thangata la Apwitikizi. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakasuka, wosachulutsa mawu. Chichewa chawo chinkapendekera ku Chilomwe, makamaka akakwiya. Ntchito yawo kuyambira unyamata inali ulenje.

Inu gogodela simunaione. Ndi mfuti yodzazira kukamwa. Umathira onga wakuda mumpope, kutsindira sanza ndi ndodo, kuponyamo mtovu kapena tizitsulo, nkutsindiranso. Sikelo panalibe. Muyeso wake unali zala. Umaona mmene ndodo yatsalira kunja kwa mpope, nkuyeza ndi zala zako. Ya gwape inali ndi zala zake, ya nguluwe zochulukirapo. Ukafuna kuti ifike patali unkawonjezera. Onga wakudawo ndi waulesi. Ukachulutsa pang'ono, kawirikawiri mfuti inkangokukankha paphewa ndi kukusambitsa utsi. A Namakhwa anakhala nayo zaka makumi atatu, ndipo muyeso wa zala sunawanamizepo. Musaiwale zimenezi.

Esiteti inkalima chimanga cha phoso la antchito m'munda waukulu wa m'mphepete mwa phiri, ndipo a Namakhwa anawalemba ntchito yochilondera. Kumunsi kwa mundawo kunali minda yathu ya m'mudzi. Mdani anali mmodzi, anyani.

Anyani a m'phiri la Mulanje sukulu sanapiteko, koma mtunda amatha kuuyeza kuposa iwe Limbani ndi samu zako. Anadziwa pamene gogodela imalekezera. Anadziwanso pamene chifefe, mfuti ija yomwaza timipira tambirimbiri, chimalekezera. Kutsidya kwa chigwembe kunali thanthwe, ndipo chinyani chachimuna chinkakhala pamenepo tsiku lonse, kumadzikanda, kumayang'ana mlonda. Mlonda akangosuntha, icho nkukuwa, anzake nkutuluka m'munda chimanga chili m'khwapa. Mlonda akakhala pansi, iwo nkubwerera.

Injiniya wa fakitale anali mzungu wokalamba amene tinamutcha Pimanso. Chilichonse ungamuonetse kuti wamaliza, yankho lake linali lomwelo: "Pimanso." Chichewa chake chonse chinali chimenecho ndi "bwera". Anali ndi mfuti yake yakale yosakira, ndipo anati aisintha kuti izifika pathanthwe paja. Wothandiza anasankha ine.

Kumbuyo kwa mpope wa mfuti kuli kachipinda kamene chipolopolo chimagonamo. Iye anafuna kukakulitsa kuti kazilandira khoko lotakasuka mapewa, lolowa onga wochulukirapo. Tinamanga mpopewo pa makina osemera zitsulo. Iye anagwira chitsulo chosemera chimene anachita kuitanitsa kunja, ine ndikuthira mafuta. Kusema pang'ono, kuimitsa, kupukuta, kupima. Kusemanso, kuimitsanso. Zimene tinkachotsa zinali zopyapyala kuposa khungu la anyezi. Chitsulo ukachisema mopitirira sungachibwezere, choncho tinatha masiku atatu pa kabowo kotalika ngati chala changachi. Tsiku lachitatu ndinati, "Bwana, yatha." Mukudziwa chimene anayankha.

Itatha, mfutiyo inasanduka yosankha zakudya. Chipolopolo chogula sichinkaikwananso bwino. Chilichonse chinkayenera kupangidwa pamanja, ndipo ntchito imeneyo anaphunzitsa ine.

Tabweretsa kuno lathunthulo. Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi. Ili ndi khoko, lamkuwa. Pansi apa pamalowa fataki, kachitsulo kamene kamayatsa moto kakamenyedwa. Mkatimu mumalowa onga. Pakamwapa pamakhala mutu, umene umapita kukapha. Ukawombera, zitatuzo zimatha, khoko limatsala. Ndiye umalitsuka, kuliyang'ana padzuwa ngati lachita mng'alu, kulifinya m'chikombole chachitsulo kuti libwerere mwakale, kuliyeza kutalika, nkulidzazanso. Tinali ndi makoko makumi awiri okha, ndipo ndinkalidziwa lililonse ngati mmene agogo anu amadziwira nkhuku zawo. Ili ndi la chipolopolo choyamba chimene ndinadzaza ndekha. Pimanso atachiwombera anandipatsa khokolo kuti ndisunge.

Onga wake sunali wakuda uja. Unali timibulu totuwa ngati mawere, wosafuka utsi wambiri, koma waukali. Umenewu suyezedwa ndi zala. Tinali ndi kasikelo kokhala m'bokosi lagalasi, koti ukapumira pafupi kamasuntha. Ndinkatseka mawindo, nkumaponya kambulu kamodzikamodzi mpaka lilime la sikelo liime pakati. Muyeso ukakwana, m'khoko munkatsala kampata. Ukagwedeza chipolopolo pakhutu unkamva ongawo ukuyenda, ngati mchenga m'kabotolo.

Tsiku lina Pimanso anatenga zitini ziwiri, cha onga wa mfuti iyi ndi cha onga wa chifefe. Anaika china kumapeto kwa tebulo uku, china uko. Kenako anazisendeza pamodzi, nkudzicheka pakhosi ndi chala. Ndinamva. Onga wa chifefe umayaka mwachangu kwambiri, ndipo m'mfuti ngati iyi umasowa kothawira.

Anali ndi lamulo linanso. Tikadzaza zatsopano, choyamba sichinkawomberedwa paphewa la munthu. Kuseri kwa wekishopu, kudzenje lokumba miyala, kunali tayala lathalakitala. Mfuti tinkaimangirira pamenepo, nkumanga chingwe chachitali ku kachitsulo kokhethemulira, ife nkukakoka tili kuseri kwa chulu. Anthu otchola tiyi ankaima ndi mabasiketi awo kumaseka, amvekere, "Mzungu akuthawa mfuti yake yomwe."

Chinyani cha pathanthwe chija Pimanso anachipha ndi chipolopolo chachiwiri, ndipo chaka chimenecho tinakolola. Kenako chifuwa chinamuvuta, nkubwerera kwawo. Mfuti anaisiyira esiteti. Mapepala anati woigwiritsa ntchito ndi a Namakhwa, wodzaza zipolopolo ndine.

Muzidziwa kuti masiku amenewo kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kwa Apwitikizi kuja, kunali nkhondo, ndipo nkhani ya mfuti sinali yosewera nayo. Munthu ankabwezedwa pamsika wa Nkando ndi dengu lake chifukwa choiwala khadi lachipani. Nanga wopezeka akusewera ndi zipolopolo, wobadwira kutsidya? Mfutiyo inkagona m'kabati ya ku ofesi. A Namakhwa ankakaitenga m'mawa nkuibweza madzulo. Zipolopolo ankalandira zisanuzisanu, nkumazisunga m'kathumba kachikopa ka m'chiuno, kamene sankakavula ngakhale kutchalitchi.

Chaka choyamba zinayenda. Ankaikonda mfutiyo, ngakhale ankati ilibe mawu ngati gogodela. Chaka chachiwiri, chimanga chitayamba kukhwima, pathanthwe paja panakhalanso chinyani china. Nthawi imeneyo agogo anu anali ndi pakati pa amayi anu, patatsala miyezi iwiri. A Namakhwa anachiphonya chinyanicho katatu motsatizana. Ine ndinkadziwa chifukwa chake. Posoka kathumba kawo anali atayamba kupatsa mwana wawo singano kuti awalowetsere ulusi. Koma iwo za maso sankafuna kuzimva.

Lamulungu lina masana tinakhala pansi pa mango uyo tikudya kalongonda. Inu mumati ndi wowawa fungo, ndipo simudziwa ntchito yake. Ankamuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuphikanso, kutayanso, chifukwa ukamufulumizira umaledzera naye mpaka kukwera mtengo. Amayi anu saphika, akuti nkhuni zadula. Tikudya choncho, apongozi anatulutsa chipolopolo m'kathumba nkuchigwedeza pakhutu.

"Akamwini, tamvani. Ichi chili ndi njala."

"Ndi mmene chimakhalira, bambo. Kampatako nkofunika."

"Kusitolo kwa Chinakanaka akakupatsani botolo la palafini losadzaza, mumati kampatako nkofunika?"

"Onga uwu ndi wina, bambo. Ndi waukali."

"Waukali, mutu ukugwera m'chigwembe, nyani akundionetsa kumbuyo? Mzungu uja ankaopa. Munthu womangirira mfuti pa tayala ngati mbuzi. Inu mwatengera mantha ake."

"Eya, bambo."

Ndinali nditanena kawiri, ndipo kawiri kameneko kanali kale kopitirira malire a mkamwini.

Lachitatu apongozi anandibwereka pulayala, anati akukonza waya wa pakhola. Loweruka m'mawa, ndikukatenga njinga kuseri kwa nkhokwe, ndinapeza zipolopolo zitatu za chifefe, zija za pepala lofiira, zitang'ambidwa ndi mpeni. Timipira take tinali mbwee pansi, nkhuku zikutijompha nkumalavula. Onga munalibe.

Ndinawapeza pakhonde pawo akupukuta zipolopolo zisanu ndi kansalu. Sanabise kanthu. Anali okondwa.

"Bwerani, akamwini. Tamvani tsopano."

Anachigwedeza pakhutu panga. Chinali zii. Pamutu pake panali mano a pulayala yanga.

"Ndazidyetsa zonse mpaka pakhosi," anatero. "Lero nyani uja adziwa kuti Namakhwa sanakalambe."

Ndinabwerera kunyumba. Agogo anu anali pabwalo akusenda chinangwa.

"Bambo anu afa lero," ndinatero.

"Mwayamba liti kulosera, a Mulepa?"

Ndinawafotokozera. Ndinati mfuti imeneyo ikaphulika, moto ndi zitsulo zimabwerera kumbuyo, pamene munthu waika tsaya ndi diso.

"Ndiye kawauzenitu."

"Ndinawauza Lamulungu."

"Ndikapita ine, ati mwandituma. Ati mkamwini wayamba kulamula pamudzi wa eni. Kauzeni abwana."

"Ndikauza abwana, bambo anu akagona kupolisi, ndipo tsiku lotuluka sindikulidziwa."

"Ndiwabere kathumbako akamasamba?"

"Sabata yamawa ndidzawapatsa zina zisanu. Adzazidyetsanso."

Anasiya mpeni, nkuika dzanja pamimba.

"Bambo anga sanakhulupirire kuti sitovu ya palafini imaotcha mpaka anaigwira," anatero. "Aonetseni."

"Ndikawaonetsa, mfuti ifa. Ndipo akafunsa ine."

"Mfutiyo ili ndi mdzukulu amene akubwera?"

Iwo anadzuka movutikira, nkuthyola papaya limodzi lakupsa kuti tikadye kumunda. Ndinaliika m'chikwama cha panjinga.

Ku ofesi apongozi anasainira mfuti ndi chala, monga mwa masiku onse. Titatuluka ndinayenda kumbuyo kwawo pang'ono, monga kuyenera, kenako ndinati, "Bambo, poti izi ndi zodzaza zatsopano, tiyambe tadutsa patayala."

"Zamantha zija?"

"Ndi lamulo la pano, bambo. Akamva kuti sitinadutseko, ovutika ndine."

Anaima, nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chabwino. Tiwononge chimodzi kuti mtima wanu ukhale pansi. Zinayi zikwana. Nyani ndi mmodzi."

Kudzenje kuja ndinamangirira mfuti pa tayala. Ndinachita pang'onopang'ono. Ndinkaganiza za masiku atatu aja, ndi za munthu wokalamba amene anandisiyira sikelo yake atakana kuisiyira anthu ena onse. Kenako ndinatenga papaya lija, nkulimanga ndi luzi pamwamba pa thako la mfuti, pamene munthu amatsamira.

"Nanga papayalo lalakwanji?"

"Likhala m'malo mwa tsaya lanu, bambo."

"Aa! Ndiye mwati mutu wanga ndi papaya?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wachipongwe, ine nkumati ndi wofatsa."

Anasankha okha chipolopolo m'kathumba, nkuchilowetsa okha, nkutseka mpiringidzo wa mfuti. Ndinatambasula chingwe mpaka kuseri kwa chulu.

"Ine ndiima pompano," anatero, ali pambali pa tayala. "Kabisaleni inu a sukulu."

"Bambo, mwini mfuti ndiye amakoka. Chingwe ndi chanu."

Zimenezo anazikonda. Anabwera kuchulu akung'ung'udza m'Chilomwe, nkugwada pambali panga chifukwa chingwe chinali pansi. Anachikulunga padzanja, nkukoka.

Sikunali kulira kumene ndinakuzolowera. Kunali ngati nyundo yaikulu yamenya njanji. Chinthu china chinadutsa pamwamba pa chulu chikuimba mluzu, nkukalowa mu bulugamu kumbuyo kwathu. Makutu anga analira mpaka Lolemba.

Tinapita kukaona. Mtengo wa mfuti unali utang'ambika pakati. Mpiringidzo unali utapindika, chitsulo china cha pambali chitachokeratu, utsi ukutuluka malo osatulukira utsi. Papaya linatsala theka. Njere zake zinali mbwee patayala ndi pamiyala. M'theka lotsalalo munali mutalowa tizidutswa ta mkuwa, tonyezimira.

A Namakhwa ananjuta. Anamasula luzi, nkutenga theka lija, nkulitembenuza m'manja. Anazula kachidutswa kamodzi ndi chikhadabo.

"Apa ndiye padiso," anatero. Sankauza ine.

Kenako anamasula kathumba m'chiuno nkundipatsa konse, ndi lamba wake yemwe. Theka la papaya analikulunga m'tsamba la nthochi nkuliika m'thumba la jekete. Ine ndinathamangira ku wekishopu anthu asanafike, ndinazula mitu ya zinayi zija pa vayisi yopanira zitsulo, ongawo nkuuthira m'ngalande ya madzi.

Ku ofesi kunali bwana watsopano wa esiteti, munthu wosatidziwa bwino. Mfuti inali patebulo pake m'zidutswa zitatu. Kalaliki ndiye ankamasulira.

"Akufunsa kuti chachitika nchiyani."

Ndinaona apongozi akukonza kukhosi. Pamenepo ndinachita chimene sindinachitepo ndipo sindinachitenso. Ndinawadula mawu.

"Ndinalakwitsa sikelo, bwana. Ndinachulutsa onga."

Apongozi ananditembenukira, koma ine ndinangoyang'ana kalaliki mpaka analemba.

Ana inu, kumeneko kunali kunama, ndipo sindikukuphunzitsani kunama. Tiyanjane, usakauze amayi ako kuti agogo anati nkololedwa. Ndikungokuuzani zimene ndinachita. Ine ndinali ndi satifiketi ya sukulu, ndinabadwira kuno, ndipo kulakwitsa sikelo ndi uchitsiru chabe. Iwo akananena zoona, funso likanakhala lina.

Apolisi anabwera Lolemba. Anandiuza kuti nditulutse khoko m'mfutimo kuti alione, ndipo linanditengera ola lathunthu ndi nyundo. Ndi ili long'ambikali. Ataliona analisiya patebulo. Mfuti, sikelo, chikombole ndi makoko ena onse anatenga. Ananditenganso ine, nkundifunsa masiku awiri funso limodzimodzi m'njira zosiyanasiyana. Poti mapepala anali olongosoka ndipo panalibe wovulala, anandimasula.

Ntchito sanandichotse, koma kumakina anandichotsako. Anandipatsa mwala ndi benchi kunja kwa fakitale kuti ndizinola mipeni yodulira tiyi. Ndinanola zaka zitatu. Ukapitawo wa wekishopu, umene aliyense ankati ndi wanga, anapatsa munthu amene ndinamuphunzitsa kugwira tupa. Anzanga akamadutsa ankakuwa, "Pimanso, a Mulepa!" nkumaseka. Zimenezo zinkandiwawa kuposa malipiro ochepawo. Munthu ukakhala ndi chinthu chimodzi chimene anthu amakudziwa nacho, nkuchipereka wekha kuti achiseke, sizophweka. Pambuyo pake ndinabwerera kumakina, ndipo ndinakhalako mpaka tsitsi ili linachita imvi. Koma mfuti sindinaigwirenso.

Anyani anadya chaka chimenecho, ndi chotsatira chomwe. Esiteti inalemba amuna oimba zitini m'munda, ndipo anyani anazolowera nyimboyo m'sabata imodzi. Ife tinadalira makaka, chinangwa chouma chija chimene inu mumakana kuti ndi chakuda. Chinatilera. A Namakhwa anabwerera ku gogodela yawo, nkumathamangitsa nguluwe m'minda ya kumunsi, ndipo patapita chaka anasiya ntchito okha. Anati miyendo yatopa. Tonse tinavomereza kuti ndi miyendo.

Za tsiku lija sanazitchulepo, kwa ine kapena kwa mwana wawo. Pepani sananene, ndipo ine sindinamuyembekeze. Apongozi sapepesa mkamwini.

Koma patapita masabata atatu chichitikireni, ndikutuluka m'mawa kupita kuntchito, ndinaona kuseri kwa nyumba ino timitengo tisanu ta papaya titangomera, tozingidwa bwino ndi minga kuopa mbuzi. Ndinafunsa agogo anu. Anati, "Ine ndi mimba iyi ndingawerame?" M'mawa mwake ndinawaona a Namakhwa akubwera ndi chitini cha madzi. Anathirira, anandipatsa moni wa masiku onse, nkumapita. Anatero mpaka timitengoto tinakula.

Amayi anu anabadwira kuchipatala cha ku Mission. Titabwera nawo kumudzi, a Namakhwa anawanyamula nkutuluka nawo panja pamene panali kuwala. Anawasendeza kutali ndi nkhope, monga ankachitira ndi singano, nkuwayang'ana nthawi yaitali.

"Mphuno ndi yanga," anatero. "Makutu ndi a akamwini. Ameneyu azimva."

Mapapaya atayamba kupsa, mlamu wanga wina anabwera ndi nsungwi kudzagwetsa, poti pamudzi pano chilichonse chomera chinali cha iwo eni mudzi. Apongozi anali pakhonde pawo. Sanadzuke nkomwe.

"Iwe, ika pansi nsungwiyo. Mitengo imeneyo ndi ya akamwini. Wofuna kuthyola apemphe kwa iwo."

Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi zinayi. Anaona amayi anu akuyamba sukulu, anawaona akubwera ndi mphoto ya samu, ndipo anamwalira pamphasa pawo maso onse awiri alipo.

Papaya silikhalitsa. Limabereka zaka zingapo nkugwa. Koma likamagwa ndimakhala nditafesa kale njere zake, pamalo omwewo. Limene mwadya m'mawa lija, mukukanganirana theka lalikulu, ndi mdzukulu wa mdzukulu wa papaya la patayala.

Limbani, lathunthulo liza ngati ukufuna, koma kutali ndi makutu anga. Long'ambikalo ndipatse. Mvula yakata. Pitani mukaone ngati lapsa lina, koma muyambe mwapempha. Mitengoyo ndi yanga.